Kalata yoyamba kwa madona si yolira

Mu Januwale 2025 boma la Donald Trump linaimitsa thandizo la America lopita kunja, ndipo pofika Julayi chaka chomwecho USAID inali itatsekedwa. Mabungwe akuluakulu omwe ankadya mumphika umenewo tsopano akugogoda pamakomo omwe timagulu ta achinyamata tinkadalira, ku ma foundation ndi ma trust achifundo. Mzere watalika, abale, ndipo wowerenga makalata kumeneko alibe nthawi yokunyengererani.

Kalata yoyamba ija pa Chingerezi amati letter of inquiry, ndipo mabungwe ena amapempha concept note m'malo mwake. Si pulopozo ayi. Ndi tsamba limodzi kapena awiri, lofunsa chinthu chimodzi chokha: kodi zomwe timachita ife ndi zomwe mumathandiza inuyo zikugwirizana? Zili ngati kufunsira. Tsiku loyamba simupita ndi mndandanda wa oitanidwa ku ukwati, mumayamba mwamva kaye ngati pakhomopo pali mbeta.

Makalata ambiri omwe anzanga amanditumizira pa WhatsApp kuti ndiwaonere amayamba mofanana: Malawi ndi limodzi mwa mayiko osaukitsitsa, achinyamata alibe ntchito, atsikana akusiya sukulu. Zoona zimenezo, palibe akutsutsa. Koma amene akuwerengayo anazimva kalekale, mwinanso ziwerengero zake ali nazo kuposa inu. Chomwe sakudziwa ndi inuyo, komanso mudzi wanu. Ndime ziwiri zamaliro a dziko lonse zimangodya malo omwe mukananenapo zomwe manja anu agwira.

Musanalembe ngakhale liwu limodzi, gulani bandulo muwerenge webusaiti yawo mpaka pansi. Mabungwewa ali ndi mitima yosiyana. Beit Trust, yomwe inachokera ku chuma chimene Alfred Beit anasiya atamwalira mu 1906, imathandiza ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo imadziwika ndi zomangamanga za sukulu ndi zipatala. Dzina la chipatala cha Beit CURE ku Blantyre linachokera komweko. Firelight Foundation imagwira ntchito ndi magulu a m'madera pa nkhani za ana ndi achinyamata. Kwathu konkuno tili ndi Press Trust. Ndiye munthu n'kutenga kalata imodzi yopempha ndalama za situdiyo yojambulira nyimbo, kungosintha dzina pamwamba, n'kuwatumizira onsewa tsiku limodzi? Wowerenga amazindikira pa mzere woyamba. Ena ngati Gates Foundation nthawi zambiri amachita kuitana okha amene akufuna kugwira nawo ntchito, kotero kumeneko osataya bandulo.

M'kalatamo nenani mwachidule kuti ndinu ndani, muli kuti, munalembetsa kuti. Ngati ndinu CBO, tchulani kuti khonsolo ya boma lanu imakudziwani, ngati ndinu NGO tchulani za NGORA. Akaunti ya kubanki ikhale m'dzina la gulu, yosainira anthu angapo. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya tcheyamani imathawitsa dona msanga kuposa Chingerezi chothyoka.

Kenako pabwere mtima wa kalata, ndipo apa ndi pomwe ndimalimbana ndi anzanga. Tiyerekeze gulu lina lomwe limasoka mapadi ochapa. Likhoza kulemba kuti likufuna kutukula mwana wamkazi m'Malawi. Likhozanso kulemba kuti lili ndi makina awiri obwereka, lakhala likusoka kwa miyezi 14, lagawa mapadi kwa atsikana 180 pa sukulu zitatu, ndipo aphunzitsi aakulu a sukuluzo ali okonzeka kuchitira umboni. Kalata yachiwiriyi ndi imene imayankhidwa. Ikuonetsa anthu omwe anayamba kale ndi zochepa, osati odikira ndalama kuti ayambe kuganiza. Ngakhale zomwe munachita zili zazing'ono bwanji, zilembeni ndi manambala ake enieni. Osakokomeza, chifukwa akakonda kalatayo amafunsa malisiti, mwinanso kubwera kudzaona okha.

Ndalama itchuleni. Ambiri amachita manyazi, amati "chilichonse chomwe mungatithandize nacho". Ulemu wotere ndi wa pamaliro, kuno umaoneka ngati simunawerengetse. Onani kukula kwa thandizo lomwe bungwelo limapereka, pemphani zolingana nazo, ndipo nenani m'mizere iwiri komwe ndalamayo ipite ndi nthawi yomwe ntchito itenge. Ine ndimalangiza kulemba mu kwacha ndi mu dola, n'kuikapo tsiku la mtengo wosinthira. Tonse tikukumbukira Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mabajeti a anthu n'kusanduka mapepala wamba.

Za ChatGPT ndisabise, ikhoza kukukonzerani galamala. Koma mukaisiyira kalata yonse, imatulutsa mawu osalala omwe magulu ena mazana atumizanso sabata yomweyo. Dzina la sukulu yanu ndi mtengo wa nsalu pamsika wanu siizidziwa.

Chenjerani ndi akamberembere. Bungwe lachifundo lenileni silikuuzani kuti mutumize kaye ndalama ya fomu kapena yotsegulira thandizo lanu. Uthenga wa pa Facebook wokuuzani kuti mwasankhidwa pomwe simunalembe kalata iliyonse, ufufuteni basi.

Mukatumiza, yankho limatha kutenga milungu kapena miyezi. Ngati iwo ananena nthawi yodikira, idutse kaye, kenako imelo imodzi yaulemu yokumbutsa yakwana. Akakana, athokozeni ndipo funsani ngati mungadzalembenso chaka chamawa. Imelo yomwe munatumizirayo ikhale ya gulu, ndipo pasiwedi yake aidziwe anthu osachepera awiri, kuti mlembi akadzapita ku Joni yankho la dona lisapite naye.