Ulendo wa pa njinga ndi wapansi ku Fort Lister

Ku Phalombe njinga si choseweretsa. Imanyamula matumba a nandolo kupita ku msika wa Migowi, imanyamula wodwala, imanyamula mayi ndi mwana kumsana. N'chifukwa chake anyamata a kabaza anadabwa atationa m'mamawa wa Lamulungu lina m'mwezi wa July, ife ndi ana athu awiri, njinga zopanda katundu kupatula mabotolo a madzi, mbatata yophika ndi nthochi.

"Ulendowu ndi wakuti, bambo?" anafunsa mmodzi.

Tinati tikupita kuphiri kukayenda chabe. Anaseka. Kwa munthu amene amapalasa tsiku lonse kuti apeze ya ufa, kutuluka thukuta popanda malipiro ndi nkhani yoseketsa, ndipo sitinamutsutse. Koma ambiri a ife amene timagwira ntchito titakhala pampando, thupi linaiwala kale thukuta loterolo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndipo ana kwa ola limodzi tsiku lililonse. Kuyenda ndawala ndi kupalasa njinga zimawerengedwa, ndipo zimathandiza kupewa kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga.

Msewu wochoka pa boma umalowera pampata wa pakati pa mapiri awiri, Mulanje ndi Michesi. Poyamba ndi chigwa, minda ndi midzi, kenako chitunda chimayamba. Apa m'pamene tinaphunzira kuti njinga ya kumudzi yopanda magiya ili ndi malire ake. Tinatsika n'kumakankha, ndipo palibe chamanyazi. Galimoto ikanatifikitsa msanga, koma sitikanamva mpweya ukuzizira pang'onopang'ono, sitikanamvanso madzi akulira m'miyala pansi pa udzu.

Pampatapo pali mabwinja a Fort Lister. Linga limeneli analimanga asilikali a boma la Britain mu 1893 pofuna kutseka njira imene ogulitsa akapolo ankadutsitsa anthu kulowera kugombe la nyanja ya mchere ku Mozambique. Lero patsala makoma ogumuka ndi manda. Ana athu anawerengapo za ukapolo m'kalasi, koma ataima panjira imene anthu anadutsa atamangidwa magoli m'khosi, anakhala chete kwa kanthawi. Ifenso sitinawonjezepo mawu.

Njinga tinazisiya m'manja mwa anthu odalirika, n'kukaonekera kwa a zankhalango, ndipo tinatenga wotiperekeza wa m'dera lomwelo. Musadumphe zimenezi. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira 1927, ndipo nsonga yake ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, yasowetsapo anthu amene anakwera okha. Nyengo ya kuno imasintha msanga. M'miyezi yozizira chiperoni chimatha kugwa masana dzuwa likuwala, nkhungu n'kuphimba njira moti mnzako amene ali patsogolo sumuona. Kuchokera ku Fort Lister njira imakwera mpaka kukanyumba kogona alendo ka Sombani, kufupi ndi nsonga ya Namasile. Ndi ulendo wa maola angapo, ndipo ife, pokhala ndi ana, tinagwirizana zobwerera dzuwa likafika paliwombo, kaya tafika kaya ayi. Sitinafike.

Zimene tinaona panjira n'zimene zatichititsa kulemba nkhaniyi. Pamene mitengo idakalipo, nthaka ndi yofewa, yakuda, yonyowa ngakhale mvula inasiya kalekale, ndipo timitsinje timayenda madzi oyera mbee. Ukangoyenda pang'ono umafika pa zitsa, phulusa la uvuni wa makala ndi miyala yosendeka. Tinakumananso ndi amuna akutsika ndi matabwa pamutu. Tinapatsana moni bwinobwino. N'zosavuta kuwadzudzula uli m'tauni, koma makala ndi matabwa amenewa amathera m'makhitchini ndi padenga la nyumba zathu zomwe.

Wotiperekeza uja anatiuza za mkungudza, mtengo wa dziko lathu, wonunkhira bwino komanso wosafumbwa ndi chiswe, umene mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha paphiri lonse. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akufesa ndi kudzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza umakula mochedwa, ndipo moto wolusa wa tsiku limodzi umatha kupsereza ntchito ya zaka. Phiri limene bungwe la UNESCO linalizindikira mu 2000 ngati malo osungira zachilengedwe, n'kuliikanso pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, likhoza kutha ndi machesi amodzi a mlenje wa mbewa.

Munthu wa ku Phalombe safunika kuuzidwa chimene phiri lingachite. Mu March 1991 madzi, matope ndi miyala zinatsika kuchokera ku Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndipo akuluakulu amatchulabe tsikulo kuti la Napolo. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anabwereza zomwezo m'midzi yambiri ya m'tsinde mwa mapiriwa. Mitengo siingaletse mvula yoteroyo, koma mizu imagwira nthaka, ndipo phiri lometedwa limataya madzi onse nthawi imodzi. Zipsera za kumene nthaka inakokoloka zimaoneka bwino ukaima pampata paja, mizere yotuwa yotsika mpaka kumene kuli nyumba za anthu.

Ngati banja lanu lingafune kuyesa, sankhani miyezi yopanda mvula, kuyambira May mpaka October, ndipo nyamukani kusanatenthe. Onetsetsani mabuleki a njinga musanachoke pakhomo, chifukwa kutsika n'koopsa kuposa kukwera. Mwana wathu wamng'ono anabwera ndi bondo losupuka pachifukwa chimenechi. Tengani juzi ngakhale kumudzi kukutentha. Madzi a m'mitsinje ya m'munsi, kumene anthu amachapa ndi kumwetsa ziweto, musamwe osawiritsa kapena kuthira mankhwala. Amene ali ndi vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa kuchipatala, ndipo ayambire panjira za m'chigwa. Osasonkha moto kutchire, ndipo mapepala a pulasitiki abwerere m'chikwama.

Tinafika pa boma dzuwa litapendeka, miyendo ikunjenjemera. Mnyamata wa kabaza uja anali pomwe paja, ndipo anasuzumira pa kaliyala.

"Ndiye mwabwerako chimanjamanja, bambo?"

Mwana wathu wamkazi anamuyankha kuti mwezi wamawa tikafika pa Sombani.