Mwana Wovuta Akamayandikira Zaka 18: Udindo wa Makolo Pamaso pa Lamulo

Alipo mawu amene amamveka m'makomo ambiri, kumudzi ngakhalenso ku Ndirande ndi ku Kawale, pamene bambo wotopa ndi makhalidwe a mwana wake, atalangiza kufikira mawu atasasa, aimirira pakhomo nanena kuti, "Wakula iwe, tola zako uzipita, ukaone wekha." Kawirikawiri wouzidwa zimenezi amakhala mnyamata wa zaka 16 kapena 17 amene wasiyira sukulu panjira, wayamba chamba ndi kachasu, mwinanso wagulitsa thumba la chimanga cha banja, kapena amakhala mtsikana amene wapezeka ndi pathupi, amayi ake nagwidwa ndi manyazi pamaso pa anzawo a kumpingo. Kuwawa kwa mtima kwa makolo otere nkoona, ndipo munthu amene analerapo mwana sangawaseke; komabe kuyenera kunenedwa poyera kuti malinga ndi malamulo a dziko lino, bamboyo alibe mphamvu yochita chimene wanenacho.

Kufikira chaka cha 2017, ndime 23 ya malamulo aakulu oyendetsera dziko la Malawi inkawerenga munthu kukhala mwana ngati sanakwane zaka 16, koma m'mwezi wa Febuluwale chaka chimenecho aphungu a Nyumba ya Malamulo anakweza malirewo kufika pa zaka 18, natsekanso mpata umene unkalola kukwatitsa ana a zaka 15 makolo akavomereza. Ndime yomweyo imapatsa mwana aliyense ufulu wolandira chisamaliro choyenera kwa makolo ake, kaya makolowo ali pabanja, kaya sanakwatirane konse, kaya ukwati unatha; ndipo lamulo la chaka cha 2010 lotchedwa Child Care, Protection and Justice Act limatchula chisamalirocho mwatsatanetsatane, kuti ndicho chakudya, chovala, pogona, chithandizo cha mankhwala, malangizo, ndi kumtchinjiriza mwana ku nkhanza ndi ku zonse zomuononga.

Ambiri amakhumudwa pomva kuti chisamaliro chimenechi mwana sachilandira monga mphotho ya kumvera. Nzoona kuti lamulo lomwelo la 2010 limamsenzetsanso mwana udindo wolemekeza makolo ndi akuluakulu, koma silinena paliponse kuti mwana akachita mwano, akaba, kapena akabwera usiku ataledzera, pamenepo nsima yake ndi mphasa yake zatha. Ine ndiyesa kuti opanga lamulo anaona patali pamenepa, pakuti mwana wofatsa sasowa womsunga, achibale amachita kumlimbirana; lamulo linaikidwira iye amene aliyense watopa naye, amene akatulutsidwa m'nyumba usiku alibe khomo lina logogoda koma khonde la sitolo ya mu Limbe kapena depoti ya basi ya ku Lilongwe.

Kholo likakana udindo wake, nkhani itha kupita ku khoti la ana, ndipo woipititsa sayenera kukhala mayi yekha: mwana mwini wake, wachibale, mphunzitsi, wapolisi, wazaumoyo kapena mkulu woona za chisamaliro cha anthu angathe kukadandaula, khoti nkuyesa mapezedwe a bambo ndi mayi omwe lisanagamule. Pano tikumbutse abambo ena a kumadera a chikamwini, amene ukwati ukatha amanyamula khasu ndi bulangete lawo nanena kuti ana ndi a kuchikazi, awaone malume awo. Mwambo wa mwini mbumba ndi wolemekezeka, ndipo malume wabwino wapulumutsa ana ambiri, koma khoti lidzafunsa wobereka, osati mtsibweni.

Nanga makolo angopinda manja, nyumba ikupasuka, ana aang'ono akugona ndi mantha? Iyayi. Ku boma lililonse kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit yomva nkhani za m'banja, ndipo nambala ya lamya ya 116 inaikidwira nkhani za ana. Mwana akalakwira lamulo, khoti la ana liri ndi njira zomuongolera popanda kumponya m'ndende pamodzi ndi akuluakulu, monga kumuika m'manja mwa alangizi, kumuuza kuti apepese ndi kubweza chimene anaononga, kapena, mlandu ukakula, kumtumiza ku malo osinthira khalidwe la ana monga ku Mpemba mu Blantyre ndi ku Chilwa mu Zomba. Tisaiwalenso kuti zina zimene timazitcha mwano ndi matenda. Mwana amene anali wochezeka, nayamba mwadzidzidzi kudzitsekera m'chipinda, kulankhula yekha, kusagona tulo, kapena kunena za kudzipha, afunika dokotala msanga, ndipo chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu zimalandira otere, pamodzi ndi amene agwidwa ukapolo wa mowa ndi chamba. Makolo ambiri amataya miyezi ndi mbuzi kwa asing'anga, kapena kumbisa mwana poopa kuti anthu aseka, kufikira nthenda itazika mizu.

Tsiku limene mwanayo akwanitsa zaka 18, zinthu zimasintha ndithu. Tsopano atha kuvota, atha kukwatira, ndipo akapalamula adzaweruzidwa monga munthu wamkulu, malo ake nkukhala ndende ya Chichiri kapena ya Maula. Udindo wokakamizidwa wa makolo umafika kumapeto, ngakhale makhoti amatha kulamula kuti chithandizo chipitirire kwa iye amene akadali pa maphunziro. Koma kholo limene likuwerenga masiku kudikira tsikulo kuti litseke chitseko lidzipusitsa lokha, pakuti mnyamata wopanda satifiketi, wopanda luso la manja, wozolowera chamba, sasanduka munthu wodziimira payekha chifukwa dzuwa latuluka pa tsiku lake lobadwa. Adzabwererabe, mwina ndi mdzukulu, mwina ndi apolisi, pakuti chibale ndi fupa, sichiola. Makolo athu akale anali nayo nzeru pa ichi: mnyamata akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya makolo nakagona kumphala, mtsikana kugowelo, koma nsima ankadyabe ya amake ndipo diso la akulu linali pa iye. Kholo la lero lingathe kuchita chimodzimodzi, kumuikira mwana malire olimba, kumkaniza ndalama ya m'manja imene ithera ku mowa, koma kumlipirira kwa mmisiri wa matabwa, wa telala kapena wowotcherera zitsulo, kuti pofika zaka 18 akhale ndi poyambira. Ngakhale atate a m'fanizo la mwana wolowerera sanamtsate mwana wawo ku dziko lakutali kukamdyetsa, koma sanagwetse nyumba yoti abwerereko.

Inu amene muli ndi mwana wotere pakhomo lero, musadikire kuti zaka zikwane. Itanani malume ake ndi ankhoswe, mukhale pansi, ndipo mawa lomwe mupite naye ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu, akadali mwana pamaso pa lamulo.