Msonkho Wolingana pa Matumba Osalingana

Abale athu a m'migodi ndi m'mapulazi a ku Kadoma ndi Chegutu, ndi inu a ku Mubaira m'dziko la Mhondoro, tiyeni tilingalire pamodzi za msonkho: kodi katundu ameneyu alemera pa mutu wa yani?

Mu 1894 boma la Kampani ya Cecil Rhodes linaika msonkho wa masheleni 10 pa nyumba iri yonse. Mu 1904 linausandutsa wa paundi imodzi pa mwamuna ali yense, ndi masheleni 10 ena pa mkazi waciwiri. Mwini ng'ombe zambiri ndi munthu wopanda ngakhale nkhuku analipira cimodzimodzi. Woyambayo anagulitsa ng'ombe imodzi nakhala pamudzi pace. Winayo anatenga situpa nanka kukakumba golidi ku Cam and Motor kapena ku Dalny. Tiyerekeze munthu wolandira masheleni 20 pa tiketi ya masiku 30: mwezi wace wonse unathera kwa wokhometsa.

Ngakhale kucepetsa msonkho kunali ndi mwini wace. Kwathu ku Nyasaland, 1921 isanafike, amene anagwira nchito mwezi umodzi kwa Mzungu analipira theka lokha. Pamaso cinaoneka cifundo, koma wopindula anali mwini munda, amene anapeza anchito osawafunafuna.

Msonkho wa pamutu unatha, koma mcitidwe wace sunafe. Mu 2004 Zimbabwe inayamba msonkho wa VAT pa zogula za m'sitolo. Mu October 2018 nduna ya za cuma, Mthuli Ncube, inaika masenti 2 pa dola iri yonse yotumizidwa pa lamya kapena pa banki, kupatula zocepa zedi. Wolemera adya pang'ono za cuma cace nasunga zotsala. Wa m'komboni atha malipiro onse pa sopo, nsapato za ana ndi zotumiza kwa makolo. Cotero dola yace iri yonse ipita pamaso pa wokhometsa.

Nanga zokhululukira zigwera kuti? Mu 2020 msonkho wa makampani unatsitsidwa kucokera pa 25 kufika pa 24 mwa 100, nubwezedwa mu 2024. Boma likakweza malire a malipiro osakhomedwa, akondwa ndi olembedwa m'buku la nchito. Mai wogulitsa tomato pa Mubaira ndi mnyamata wa ganyu ya m'fodya salandirapo kanthu, pakuti malipiro ao sanafikepo pa malirewo.

Sitikuti msonkho ndi woipa, pakuti msewu, sukulu ndi cipatala sizimera ngati bowa. Koma akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya: wokolola zambiri asenze zambiri. Cifukwa cace, mukamva kuti msonkho watsika, muwerenge ndarama zanu za mwezi umenewo, ndipo mufunse phungu wanu kuti watsikira yani.