Kodi mumadziwa kuti nthenda ya pakhungu imatha kulowa m'mafupa?

Mwa anthu 10 alionse omwe ali ndi psoriasis, pafupifupi atatu amadzadwala nyamakazi yochokera ku nthenda yomweyo.

Psoriasis imabweretsa zigamba zokhakhala, zosupuka ngati mamba a nsomba, pazigongono, m'maondo ndi m'mutu. Ambiri amaiyesa zipere. Koma siyopatsirana ayi: chitetezo cha m'thupi ndicho chimaukira khungu la mwini wake, kenako n'kufika molumikizira mafupa. Nthawi zambiri zimenezi zimachitika patapita zaka zigamba zitayamba.

Nyamakaziyi ikayamba, chala chimatha kutupa chonse, kuyambira patsinde mpaka kunsonga. Zikhadabo zimachita timaenje. M'mawa manja amauma gwa, mpini wa khasu osagwirika, n'kumasuka pang'onopang'ono munthu akayamba kuyendayenda. Ena chidendene chimawawa akangoponda pansi.

Mafupa akawonongeka sabwereranso mwakale, choncho mankhwala opaka okha sakwanira. Anthu a ku Migowi ndi madera ena a ku Phalombe akapita kuchipatala ndi zigambazi, azionetsanso zala ndi zikhadabo. Ndi bwinonso kuyezetsa magazi, chifukwa HIV imakulitsa nthendayi.