Mmene Munthu Wamba Amasandukira Chilombo: Gawo Lachiwiri

M'gawo loyamba tidaona Macbeth wa William Shakespeare akupha mfumu Duncan chifukwa chosirira mpando wachifumu. Lero, awerengi, tiyeni tione munthu amene adapha mwana womukonda popanda kusirira kanthu.

M'buku la Things Fall Apart, limene Chinua Achebe wa ku Nigeria adalitulutsa m'chaka cha 1958, muli Okonkwo, mlimi wakhama ndi katswiri wa kulimbana wa ku Umuofia. Bambo ake, a Unoka, adali aulesi ndipo adamwalira ndi ngongole zambiri. Moyo wake wonse Okonkwo ankaopa kuti anthu angamuyese wofanana nawo.

Anthu a ku Mbaino atapha mkazi wa ku Umuofia, adalipira mlanduwo popereka namwali ndi mnyamata wotchedwa Ikemefuna. Mnyamatayo adakhala pakhomo pa Okonkwo zaka zitatu, nazolowera kumutchula kuti bambo. Tsono mizimu ya pakachisi italamula kuti aphedwe, nkhalamba Ezeudu idachenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma Okonkwo adapita nawo ndithu.

Taonani mmene choipa chimayendera pakati pa anthu abwinobwino. Choyamba adamunamiza mwanayo kuti akumuperekeza kwawo, namusenzetsa mtsuko wa uchema. M'njira amunawo ankacheza ndi kuseka anzawo otsala kumudzi kuti ndi amantha ngati akazi. Aliyense ankadziona ngati wongotumidwa. Mmodzi atasolola chikwanje nakantha, mwanayo adathawira kwa Okonkwo kuti amuteteze, ndipo Okonkwo adamutsiriza yekha poopa kuoneka wofooka pamaso pa anzake.

Kodi akadachitira mwina? Inde. Obierika, bwenzi lake lapamtima, ankalemekezanso mizimu yomweyo, komabe adatsala pakhomo, ndipo palibe adamulanga. Lamulo lidafuna imfa ya mwanayo, silidafune dzanja la Okonkwo.

Masiku awiri Okonkwo sadadye. Mwana wake Nwoye adazindikira zimene zidachitika, mtima wake nuchoka pa bambo wakeyo, ndipo pambuyo pake adatsata amishoni.

Mantha a Okonkwo ali m'kalasi, mu ofesi ndi pamsika pamene khamu lagwira wakuba. Ambiri otola mwala amangoopa kufunsidwa chifukwa chake iwo okha aima manja lende. M'gawo lachitatu tidzaona ana a sukulu a m'buku la William Golding la Lord of the Flies, lotuluka mu 1954.