Mkono wa Galamafoni ndi Katiriji Yoyenerana Nawo

Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, antchito a boma ndi akazembe amene analoŵa m'nyumba zatsopano za ku Area 10 ndi Area 12 anadza ndi magalamafoni awo a magetsi. Ku Old Town nako kunkalira magumbagumba, ena a Supersonic opangidwa ku Bulawayo, amene anthu obwerera kuchokera ku ntchito za kunja ankafika nawo. Pambuyo pake makaseti anawalanda malo. M'nyumba zina makinawo akalipobe pamodzi ndi mbale zake, ndipo mwini wake akafuna kuwadzutsa amapeza kuti singano inabuntha kale. Ganizo loyamba limakhala logula katiriji yamtengo wapatali. Apa ndi pamene mbale zambiri zimaonongekera.

Katiriji ndi kabokosi kakang'ono kokhala kunsonga kwa mkono wa galamafoni. Singano imalumikizika ku kandodo kopyapyala, ndipo kandodoko kamakhazikika pa kamphira kamene kamagwira ntchito ngati masipuling'i a galimoto. Kamphirako m'makatiriji ena n'kofeŵa, mwa ena n'kolimba. Mikono nayonso imasiyana kulemera.

Mmisiri aliyense wa galimoto wa mu msewu wa Malangalanga amadziŵa chimene chingachitike lole yodzaza chimanga itaikidwa masipuling'i a galimoto yaing'ono: ingamayende mogwedezeka ndi kukhudza pansi pa chitunda chilichonse. Galimoto yaing'ono itaikidwa masipuling'i a lole, okwera angamve mwala uliwonse m'msana. Chimodzimodzi galamafoni. Mkono wolemera umafuna katiriji ya kamphira kolimba, wopepuka umafuna ya kamphira kofeŵa.

Chifukwa chake nachi. Mkono ndi kamphira zikakhala pamodzi zimakhala ndi liŵiro lakelake limene zimakonda kunjenjemerera. Akatswiri amafuna kuti kunjenjemerako kukhale kasanu ndi katatu kufikira kakhumi ndi kaŵiri pa sekondi. Kukatsika kuposa apa kumakumana ndi kupindika kwa mbale, ndipo mbale zimene zakhala m'kabati zaka makumi anayi, zikupsa ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala, siziŵirikiza kukhala zoongoka. Pamenepo mkono umavina, singano imalumpha mizere, mwinanso munthu akangoponda mwamphamvu pansi nyimbo imadumpha. Kunjenjemerako kukakwera kufika cha ku 20 kumaloŵerera m'nyimbo zenizeni, ng'oma ndi besi zimamveka ngati zili m'mtsuko.

Magumbagumba ambiri anali ndi makina a BSR kapena Garrard a ku England, otha kugwetsa mbale imodziimodzi paokha. Katiriji yake inali ya seramiki, yolimba, yopsinja mbale ndi magalamu anayi kapena kuposerapo. Kuika pa mkono wotere katiriji yonga Shure V15 Type III ya m'chaka cha 1973, imene inapangidwira kupsinja ndi galamu imodzi yokha, n'kutaya ndalama: mkonowo ndi wouma mfundo, ndipo singano siingathe kuukoka pamodzi ndi zitsulo zake zosinthira mbale. Palinso vuto lina. Katiriji ya maginito imatulutsa mphamvu yochepa kwambiri, pafupifupi mamilivoti asanu, pamene ya seramiki imatulutsa mazanamazana. Popanda kachipangizo kokweza ndi kukonza mawuwo, nyimbo zidzamveka chapansipansi ndiponso zopanda besi. Gumbagumba imayenera singano yatsopano ya mtundu wake womwewo, basi.

Amene anasiyiridwa Technics SL-1200 MK2, imene inayamba kupangidwa mu 1979, ali ndi mwayi, pakuti mkono wake ndi wapakatikati, wa magalamu 12, ndipo umalandira makatiriji ambiri. Kampani ya Shure inaleka kupanga makatiriji mu 2018, koma Audio-Technica AT-VM95E, yopsinja ndi magalamu aŵiri, imagwirizana nawo bwino. Denon DL-103, imene inapangidwira nyumba youlutsira mawu ya NHK ku Japan, ndi yotamandika koposa, komabe n'yolimba ndipo imakondwa pa mkono wolemera. Pa wopepuka imamveka mowawasa. Wogula ayang'anenso kamangidwe. Makatiriji ambiri amamangidwa ndi timasikuluwu tiŵiri totalikirana theka la inchi, koma magalamafoni ena a m'zaka za m'ma 1980 ali ndi mtundu wa P-mount wongoloŵetsa, ndipo iŵiriyi siloŵana popanda cholumikizira.

Pali chizoloŵezi chakale cha m'maphwando choika khobidi pamutu pa mkono singano ikamalumpha. Nyimbo imapitirira ndithu, ovina sadandaula, koma kamphira kamafwanyika ndipo singano imalima m'mizere ngati khasu. Kupepukitsa mopitirira nakonso kumaononga, chifukwa singano yosakhazikika imamenya makoma a mzere uku ndi uku. Chofunika ndi kuyendetsa cholemera cha kumbuyo kwa mkono kufikira mkonowo utalenjekeka wosapendekera mbali, kenaka n'kuonjeza magalamu amene wopanga katiriji analemba.

Mbale za oimba otchuka a ku Ulaya zimasindikizidwabe, ndipo ina ikakandika munthu angaitanitse ina. Mbale zing'onozing'ono za 45 za oimba a ku Malaŵi za m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 zinatuluka zoŵerengeka, ndipo yomwe ili m'kabati ku Area 3 mwina ndi imodzi mwa zochepa zotsala. Mbale zakale kwambiri za 78, zolemera ndi zosweka msanga zija, zili ndi mizere yotakata koposa, choncho zimafuna singano yakeyake yonenepa. Singano ya LP imangogwera pansi pa mzere n'kumatola fumbi ndi phokoso.