Mpikisano wa Magalimoto a Liwiro

Anzanga, ndifuna kukufotokozerani za mpikisano umene Azungu amati Formula One. Unayamba m'caka ca 1950 ku Silverstone, ku Mangalande. Amathamanga m'maiko ambiri, ndipo wopeza mapointi oposa anzake ndiye katswiri wa caka cimeneco. Juan Manuel Fangio anapambana zaka 5. Michael Schumacher ndi Lewis Hamilton zaka 7 ali yense.

Koma ine ndimakonda nkhani ya John Love wa ku Bulawayo, mzinda umene anthu a kwathu ambiri anakagwirako nchito. M'caka ca 1967 ku Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, iye anatsogola ndi galimoto yakale, nasiya akatswiri m'mbuyo. Ali pafupi kutsiriza anapatuka kukathira petulo, ndipo Pedro Rodríguez anampitirira. Love anakhala waciwiri. Cotero liwiro lokha silipambanitsa munthu.